Kuphunzira Umisiri pa Kampani Yaikulu: Mau kwa Aphunzitsi a ku Ntcheu

Boma la Ntcheu limatchuka ndi mbatatesi, kabichi ndi tomato wa ku Lizulu ndi ku Tsangano, kotero kuti alendo ambiri amaganiza kuti m'bomali mulibe ntchito ina koma ya khasu. Koma munthu woyenda maso ali tcheru aona kuti ntchito za zitsulo ndi zamagetsi zakhala zikudutsa m'bomali kwa zaka zambiri. Njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima, imene inatsegulidwa mu 1935, imadzera pa Bilira ndi pa Sharpevale. Sitima ya pamadzi ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, ndipo inabwera ili zidutswazidutswa kuchokera ku Beira mpaka ku Chipoka isanayambe kuyenda pa nyanja mu 1951. Mawaya akuluakulu a magetsi ochokera ku Phombeya kupita ku Nkhoma, amene anamalizidwa mu 2018, amadutsa m'boma lomweli. Funso limene aphunzitsi ndi akuluakulu a maofesi ayenera kudzifunsa ndi lakuti: mwa anthu oposa 650,000 amene anaŵerengedwa m'bomali mu 2018, ndi angati amene angamange kapena kukonza zinthu zotere?

Makolo athu sanali alendo pa makina. Amuna ambiri a ku Ntcheu analembedwa ndi Wenela, ndipo pambuyo pake ndi Theba, kupita ku migodi ya ku Joni. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70, ndipo wa Theba unatha mu 1988. Anthuŵa anagwira zitsulo zaka zambiri, koma malamulo a tsankho a ku South Africa sankalola munthu wakuda kulembedwa ngati wophunzira umisiri kufikira mu 1981. Anali onyamula sipanala za azungu, ndipo anabwerera kwao ndi njinga, wailesi ndi chifuwa, koma popanda pepala lochitira umboni luso lao. Phunziro lake nlakuti luso lopanda chikalata limalemeretsa mwini kampani, mwini luso nkutsala chimodzimodzi.

M'dziko muno njira yophunzitsira amisiri inakhazikika motere. Mnyamata kapena mtsikana akasankhidwa, maphunziro ake ankatenga zaka zinayi. Chaka choyamba ankakhala ku sukulu ya umisiri monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu kapena Livingstonia, ndipo zaka zotsatirazo ankakhala nthaŵi yaitali kwa womulemba ntchito, nkumabwerera ku sukulu kwa miyezi yoŵerengeka chaka chilichonse. Olemba ntchito akuluakulu anali Malawi Railways ndi nyumba zake zokonzeramo sitima ku Limbe, ESCOM, makampani a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, ndiponso PVHO imene inkasunga magalimoto ndi makina a boma. Kwa zaka zambiri luso linkayesedwa ndi mayeso a Trade Test, kuyambira Grade 3 kukafika Grade 1, pamodzi ndi a City and Guilds a ku London. Kuyambira mu 1999 ntchito yoyang'anira maphunziroŵa ili m'manja mwa bungwe la TEVETA, ndipo olemba ntchito amapereka tambala imodzi pa kwacha iliyonse ya malipiro a antchito ao kuti amisiri atsopano aphunzitsidwe.

Tsono wophunzirayo amakumana ndi zotani akaloŵa pa chipata cha kampani? Tsiku loyamba amalandira ovololo, jombo ndi chipewa cholimba, ndipo amaperekedwa m'manja mwa mmisiri wamkulu. Iye amabwera akuganiza kuti agwira injini ya sitima sabata lomwelo, koma amapatsidwa tsache, chiguduli ndi chitini cha girizi. Kenaka amaimikidwa pa benchi ndi chidutswa cha chitsulo ndi tupa, nauzidwa kuti achisalaze kufikira mbali zonse zitalingana. Masiku amatha, zikhatho nkuchita matuza, mmisiri wamkulu nkuyeza, nkupukusa mutu, nkuponya chitsulocho m'bini. Ambiri amayesa kuti nchidani, pamene akuphunzitsidwa chinthu chimene mabuku sangapereke: kuti pa makina kulakwitsa kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi kungathe kuononga chipangizo chamtengo wapatali. Fulumira anadya gaga.

Ubwino wa kampani yaikulu ndi wakuti wophunzira sakhala pamalo amodzi. Miyezi ingapo amakhala kwa osema zitsulo, miyezi ina kwa ootcherera, kenaka kwa a magetsi, kwa ojambula mapulani ndi ku sitolo kosungirako zipangizo. Chilichonse chimene wachita amachilemba m'buku lake, ndipo kapitao amasaina akakhutira. Motero amaona m'mene ntchito ya munthu mmodzi imadalira ya mnzake, ndipo amazindikira kuti bauti imene wamanga mofooka lero ingathe kuimitsa fakitale yonse maŵa. Pa fakitale ya shuga, nyengo imene nzimbe sizikugayidwa ndiyo nthaŵi yophwasula makina onse ndi kuwabwezeranso, ndipo wophunzira wakhama amatola m'miyezi imeneyo nzeru zimene kwina akanazipeza patapita zaka.

Chachikulu pa zonse ndicho kusamala moyo. Pa ntchito ya magetsi munthu sakhudza waya asanalandire chilolezo cholembedwa. Magetsi amazimitsidwa, chozimitsiracho chimakhomedwa ndi loko, wayayo amayesedwa ngati alibedi moto, ndipo amalumikizidwa kunthaka ntchito isanayambe. Wophunzira wodumpha sitepe imodzi chifukwa chofuna kuŵeruka msanga amaika pa chiswe moyo wake ndi wa anzake. Mwambo umenewu supezeka kaŵirikaŵiri m'magalaja a m'mbali mwa mseu, ndipo ndi chuma chimene wophunzira amapita nacho kulikonse.

Sitingabise kuti njirayi ili ndi minga yake. Ndalama imene wophunzira amalandira ndi yochepa, pamene ayenera kulipira nyumba ku Limbe kapena ku Nchalo, kutali ndi nkhokwe ya amai ake. Amagwira mashifiti a usiku, natsegula mabuku ali wotopa. Amisiri ena akuluakulu amabisa nzeru poopa kulandidwa malo. Pa kampani yaikulu wophunzira wamanyazi angathe kuiŵalika, nkutha chaka akutumidwa kukatenga sipanala. Mtsikana amayamba walimbana ndi mau onyoza asanalimbane ndi chitsulo. Ndipo kumaliza zaka zinayi si lonjezo la ntchito, pakuti makampani amasintha: njanji inaperekedwa kwa kampani ya CEAR mu 1999, David Whitehead inagulitsidwa, ndipo ntchito yopanga magetsi inachoka ku ESCOM kupita ku EGENCO mu 2017. Koma pamene mpando wa mu ofesi umatsala m'mbuyo kampani ikagwa, luso la m'manja limatuluka pa chipata pamodzi ndi mwini wake.

Kwa inu aphunzitsi, tikuti choyamba lekani kuopseza ana ndi mau akuti wolephera adzakhala makaniko. Osankha ophunzira umisiri amayang'ana masamu, sayansi ndi Chingerezi pa chikalata cha MSCE, ndipo mwana wosadziŵa kuŵerenga muyezo kapena pulani sangapite patali. Mmisiri wakhama angathenso kupitiriza maphunziro ake ku Polytechnic, imene inasanduka yunivesite ya MUBAS mu 2021, nkudzakhala injiniya wodziŵa kujambula makina ndi kuwagwira komwe. Auzeni ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 za njira imeneyi nthaŵi ikadalipo, atsikana ndi anyamata omwe, ndipo TEVETA ikalengeza malo, chikalatacho chisagone m'dirowa ya mphunzitsi wamkulu.

Kwa inu akuluakulu a maofesi, kumbukirani zimene zinachitika mu 2018 pamene damu la Mpira linauma, midzi yambiri ya ku Ntcheu ndi ku Balaka nkusoŵa madzi a m'mipopi. Chilala ndi kutha kwa mitengo ndizo zinaumitsa damulo, koma anthu atatembenukira ku mijigo ndi mapampu, zinaoneka poyera kuti boma lopanda amisiri ake limadikira thandizo lochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe pa chinthu chilichonse chothyoka. Chomwecho kampani iliyonse yaikulu ikapatsidwa ntchito ya mseu, ya madzi kapena ya magetsi m'boma lino, khonsolo izifunsa kuti ndi ana angati a kuno amene aphunzitsidwe kufikira kulandira chikalata, osati kungolembedwa ganyu yokumba ngalande ndi kukupiza mbendera. Mseu umatha kumangidwa m'zaka zoŵerengeka, kampani nkusamuka ndi makina ake. Odzausamalira pa zaka makumi aŵiri zotsatira ndi okhawo amene tinawaphunzitsa ntchitoyo ili mkati.