Amayeza bwanji mtunda wokafika ku nyenyezi?

Palibe munthu amene anafikako ku nyenyezi, komatu akatswiri a zakuthambo amanena mosakayika kuti kuwala kochokera ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, kumayenda zaka zoposa zinayi kuti kutipeze. Pajatu kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Nanga chingwe choyezera mtunda woterewu anachitenga kuti?

Tambasulani mkono ndi kuimika chala, kenaka muzitsinzina maso mosinthanasinthana. Chalacho chidzaoneka ngati chikudumpha, ndipo mukachiyandikitsa kumaso chidzadumpha kwambiri. Akatswiri amachita zomwezo, kungoti maso awo awiri ndi malo awiri amene dziko limadutsa pozungulira dzuwa. Amajambula nyenyezi lero, nkudzaijambulanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, dziko lili tsidya lina la dzuwa, makilomita pafupifupi 300 miliyoni kuchoka pomwe linali. Kukula kwa kudumphako ndiko kumaulula mtunda. Njirayi imatchedwa parallax, ndipo Friedrich Bessel wa ku Germany ndiye anayamba kufalitsa zotsatira zodalirika mu 1838, atayeza nyenyezi ya 61 Cygni.

Vuto nlakuti nyenyezi zakutali zedi sizidumpha moti nkuoneka. Apa mpamene anathandiza Henrietta Leavitt wa ku Harvard, mayi amene sanatamandidwe mokwanira ali moyo. Iye anafufuza nyenyezi zotchedwa Cepheid, zomwe zimawala ndi kuzilala mobwerezabwereza, mu Small Magellanic Cloud, kamtambo ka nyenyezi komwe kamaoneka ngakhale kuno kwathu chakummwera usiku wopanda mwezi. Mu 1912 anasonyeza kuti imene imachedwa kubwereza ndiyo yowala kwambiri. Ukadziwa mphamvu yeniyeni ya nyali, kuzilala kwake kumakuuza kutalika kwa pomwe ili.

Pogwiritsa ntchito nzeru imeneyi, Edwin Hubble anapeza Cepheid mu Andromeda mu 1923, ndipo zinatsimikizika kuti Andromeda ndi mlalang'amba wina, kunja kwa wathuwu.

Koma muyeso uliwonse umatsamira pa unzake, choncho cholakwika cha pansi chimakwera mpaka pamwamba. Mu 1952 Walter Baade analengeza kuti nyenyezi za Cepheid zili mitundu iwiri, yomwe akatswiri ankaisokoneza. Mitunda ya milalang'amba inayenera kuwirikizidwa kawiri, pamodzi ndi zaka zimene ankati chilengedwe chakhalapo. Lero Andromeda amaiika pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 2.5 miliyoni.