Mmisiri wa Makina Asataye Pensulo

Makina ali onse amene timaona, kuyambira chigayo cha pamudzi mpaka ndege ya mumlengalenga, adayamba akhala chojambula asanasanduke chitsulo. Munthu wina adakhala pansi, nalingalira, najambula chiŵalo chili chonse pamodzi ndi miyeso yake, kuti wosula ndi wosema zitsulo adziŵe chochita. Masiku ano ntchito imeneyi ikuchitika pa kompyuta mwa njira yotchedwa CAD, ndipo ophunzira ambiri amene akufuna kudzakhala mainjiniya akufunsa kuti, "Tivutikirenji ndi bolodi, kampasi ndi pensulo pamene kompyuta ilipo?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo m'gawo lino tifuna kuliyankha mosapsatira.

Tiyambe ndi mbiri yake mwa chidule. Njira yoonetsera chinthu chathunthu papepala lafulati, pochijambula kutsogolo, pamwamba ndi kumbali, adaikonza bwino ndi katswiri wa masamu wa ku France, Gaspard Monge, amene buku lake lidatuluka m'chaka cha 1799. Kwa zaka zoposa 150 amisiri adatsata njira imeneyi ndi manja okha. M'chaka cha 1963 Ivan Sutherland, ali pa sukulu ya MIT ku America, adaonetsa pulogalamu yotchedwa Sketchpad, imene munthu ankatha kujambula nayo pagalasi la kompyuta. AutoCAD idatuluka mu 1982, ndipo pofika 1994 ndege ya Boeing 777, imene pulani yake yonse idakonzedwa pa kompyuta, idauluka koyamba. Choncho palibe angatsutse kuti kompyuta idapambana. Imafulumira, imakonza cholakwa popanda kung'amba pepala, ndipo imatha kutumiza miyeso ku makina osema zitsulo. Wachinyamata amene afuna ntchito ya mapulani a makina koma sadziŵa CAD adzabwerera pakhomo lili lonse.

Komabe tisaiŵale kuti chimene chidasintha ndi chida, chinenero cha mapulani ndi chomwe chija. Mzere wochindikala umaonetsa mbali yooneka, mzere wodukizadukiza umaonetsa mbali yobisika, ndipo mizere yopendeka pa madigiri 45 imatiuza kuti chitsulocho achidula pakati kuti tione za m'kati. Kompyuta imalemba mizere yonseyi m'kanthaŵi kochepa, koma siphunzitsa munthu kuiŵerenga.

Apa ndipo pali phindu loyamba la kujambula ndi manja. Mpatseni wophunzira kachitsulo kokhala ndi bowo ndi mpata, ndipo mumuuze kuti akajambule mbali zitatu. Kuti aike mzere uli wonse pamalo pake, ayenera kukatembenuza kachitsuloko m'mutu mwake, naona ndi maganizo mbali imene maso sakuiona. Kenaka mpatseni mbali zitatu zokha kuti abweze chinthu chathunthu. Ntchito imeneyi njoŵaŵa poyamba, koma ndiyo imene imanola nzeru. Pa kompyuta wophunzira amangogwedeza dzanja, chinthucho n'kutembenuka chokha, mutu wake osagwira ntchito. Tsiku limene adzalandire pulani yapepala m'fakitale, adzaiyang'ana ngati kalata ya chinenero chachilendo.

Ngozi yake si yaing'ono. Padziko pano pali njira ziŵiri zoyalira mbali za chinthu papepala. Maiko ambiri a ku Ulaya amatsata njira yotchedwa first angle, m'mene mbali yoonekera kumanzere imaikidwa kumanja kwa pepala. Ku America amatsata third angle, m'mene mbali ya kumanja imakhala kumanja komweko. Pakona ya pulani pamakhala kachizindikiro kouza woŵerenga njira imene yatsatidwa. Mmisiri amene sakazindikira angathe kupanga chiŵalo chotembenuka, mabowo a kumanja ali kumanzere, ndipo chitsulo, nthaŵi ndi ndalama zonse n'kupita pachabe. Kuno kwathu, kumene makina amachokera ku maiko osiyanasiyana, mmisiri amakumana ndi njira zonse ziŵiri. Amene adazijambulapo ndi dzanja lake sasokonezeka.

Phindu lachiŵiri ndi la miyeso, ndipo pamenepa tichedwepo pang'ono. Pagalasi la kompyuta, shafiti ya mamilimita 25 imaloŵa bwino lomwe m'bowo la mamilimita 25. Koma palibe makina padziko lapansi amene angaseme chitsulo ndendende popanda kuphonya ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake wojambula amayenera kunena malire a kuphonyako. Mwa chitsanzo, pa miyeso ya ISO, bowo lolembedwa 25 H7 liyenera kukhala pakati pa mamilimita 25.000 ndi 25.021, ndipo shafiti yolembedwa 25 g6 ikhale pakati pa 24.980 ndi 24.993. Mpata wotsala pakati pa ziŵirizi ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, koma ndi umene umalola shafiti kuyenda mosagwedera. Ukachepa, zitsulo zimagwirana n'kutentha. Ukakula, makina amalira n'kutha msanga. Wojambula akapanikiza malire mopanda chifukwa, mtengo wosemera umakwera.

Wojambula ndi manja amalemba muyeso uli wonse yekha, umodziumodzi, ndipo pa uli wonse amadzifunsa kuti mmisiri adzayamba kuyesa kuchokera pati, ndiponso adzayesa ndi chiyani. Popeza kufufuta kumamtayitsa nthaŵi, amazoloŵera kuganiza asanalembe. Kompyuta imalola chili chonse. Imalola bauti kukhala pamalo pamene sipanala singafike. Imalola kona yakuthwa m'kati mwa dzenje limene adzalikumba ndi mpeni wozungulira, umene sungathe kusiya kona yotere. Ndiponso pokulitsa chithunzi pagalasi, chitsulo chopyapyala cha mamilimita 2 chimaoneka ngati khoma la nyumba. Pensulo yokha simchiritsa munthu ku zolakwa zimenezi, koma imamchedwetsa mokwanira kuti azione. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phindu lachitatu limaoneka kunja kwa ofesi. Chigayo chikaonongeka kumudzi, injiniya amafika ndi kabuku ndi choyesera. Ayenera kujambula chiŵalo chothyokacho pomwepo, ndi miyeso yonse, kuti akafika kwa osema zitsulo m'tauni asabwererenso kukayesa chimene adaiŵala. Akamakambirana ndi wootcherera zitsulo, mizere isanu papepala imamveka msanga kuposa mau ochuluka. Ngakhale poyamba kuganiza za makina atsopano, munthu angathe kujambula njira khumi papepala m'nthaŵi imene akadamanga njira imodzi pa kompyuta. Ndipo amene wavutikira chithunzi chimodzi kwa maola ambiri safuna kuchitaya, ngakhale ataona kuti ganizolo nlolakwika.

Tsono tichite chiyani? Sitikunena kuti wophunzira athe zaka zambiri akukongoletsa zilembo ndi inki monga ankachitira akale. Chofunika ndi maziko: kuyala mbali zitatu, kudula chinthu pakati, kujambula isometric pa madigiri 30, ndi kulemba miyeso mwa dongosolo. Aphunzitsi anzanga amene sukulu zanu zilibe makompyuta okwanira, musachite manyazi ngati kuti mukuphunzitsa zakutha. Ana amene agwira bwino maziko aŵa akafika ku MUBAS ku Blantyre kapena ku makoleji a ntchito zamanja monga Soche ndi Lilongwe, adzangophunzira pamene pali mabatani, pakuti chinenero adzakhala akuchidziŵa kale. Kuongola mtengo n'poyamba.

Inunso amene mwangomaliza Folomu 4, musadikire zida zamtengo wapatali. Pensulo, rula, kampasi ndi pepala nzokwanira. Tengani mbaula, loko wa pachitseko kapena chopalasira njinga, muyese, mujambule mbali zitatu, kenaka mupatse mnzanu amene sadachione chinthucho kuti akuuzeni chimene mwajambula. Akafunsa funso lili lonse, dziŵani kuti pulani yanu ikusoŵa kanthu, ndipo muikonze mpaka asoŵe chofunsa.

M'gawo lotsatira tidzaona m'mene tingaŵerengere pulani ya makina, kuyambira pa kabokosi ka pakona kamene ambiri amakadumpha.