Kunamizirana Ufiti: Mbiri Yofunika Kuuza Achinyamata

Kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi khalidwe lakale, ndipo kulikonse limayamba mofanana. Pamagwa tsoka losamvetsetseka, monga imfa ya mwana, mphenzi kapena chilala. Anthu amafuna wolakwa, ndipo chala chimagwera amene alibe womuteteza: gogo, mayi wamasiye kapena mlendo.

Kale pakati pa Achewa, mlandu wotere unkathera pa mwabvi. Munthu wotchedwa mapondera ankasinja makungwa a mtengo wa mwabvi, n'kuwasungunula m'madzi, woganiziridwayo n'kumwa pamaso pa mudzi wonse. Akasanza, ankati ndi wosalakwa. Akafa, ankati ufiti wake wamugwira. Nthawi zina mwabviwo ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Popeza makungwawo ndi poizoni, moyo wa munthu unkadalira kuchuluka kwa mlingo umene mapondera wathira.

Mu 1911 boma la atsamunda la Nyasaland lidakhazikitsa lamulo la zaufiti. Lamuloli lidaletsa mwabvi, kunena munthu kuti ndi mfiti, kudzitcha mfiti, ndiponso ntchito yogwira mfiti. Koma mantha sadathe, ndipo ambiri adaona ngati boma latchinjiriza mfiti. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, chuma chitalowa pansi, kudabuka gulu la mchape. Mbiri imati lidachokera ku Mulanje kwa munthu wotchedwa Kamwende. Anyamata ovala zachizungu ankafika pamudzi, kundandalitsa anthu pamzere ndi kuwayang'ana pakalilole kamodzikamodzi. Wogwidwa ankapereka nyanga ndi zithumwa zake, zimene ankaziunjika poyera, ndipo aliyense ankamwa mankhwala ofiirira. Pofika 1934 mchape udali utafika kwa Abemba ku Northern Rhodesia, kumene Audrey Richards adauona ndi kuulemba. Kuyambira cha m'ma 1956, Chikanga wa ku Rumphi adakokanso makamu a anthu, ena ochokera ku Tanganyika.

Katswiri wina, Max Marwick, adakhala pakati pa Achewa a chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. M'buku lake la 1965 adaonetsa kuti onenezana ufiti kawirikawiri adali apachibale a mbumba imodzi, okanganirana chuma chamasiye kapena unyakwawa. Choncho mawu akuti ufiti nthawi zambiri ankaphimba mkangano umene anthu sankafuna kuutchula dzina.

Dziko la America lilinso ndi mbiri yotere. Mu 1692 ku Salem, m'dera la Massachusetts, kunkakhala Akhristu okhwimitsa malamulo otchedwa Puritan. Asungwana awiri a m'nyumba ya m'busa Samuel Parris, wina wa zaka 9 wina 11, adayamba kugwa ndi kukuwa. Atafunsidwa amene akuwazunza, adatchula amayi atatu: kapolo wotchedwa Tituba, mayi wopemphapempha ndi mayi wachikulire wodwaladwala. Mayina adachuluka mpaka anthu 19 adanyongedwa, ndipo mkulu wina, Giles Corey, adafa atamusanjikira miyala pachifuwa. Mu 1706 mmodzi wa asungwana oneneza, Ann Putnam, adapepesa mu tchalitchi, koma akufa adali atapita.

Chimene Aamerika adachita ndi mbiri yamtunduwu ndicho chopatsa chidwi: adaisandutsa nkhani zopeka zolembera achinyamata. Mu 1958 Elizabeth George Speare adatulutsa The Witch of Blackbird Pond, nkhani ya msungwana wa zaka 16 amene apalana ubwenzi ndi gogo wamasiye wosalidwa. Matenda atagwa m'mudzi, khamu likatentha nyumba ya gogoyo. Bukuli lidapata mphoto ya Newbery mu 1959. Mu 1964 Ann Petry adalemba Tituba of Salem Village, kufotokoza zonse kuchokera kumbali ya kapolo uja. M'mabuku otere zaka ndi malo zimakhala zenizeni, koma wolemba amaikamo wachinyamata amene ayenera kusankha pakati pa kutsata khamu ndi kunena zoona. Wowerenga amamva mantha a wonamiziridwa, ndiponso amaona mmene bodza limakulira likangotuluka pakamwa.

Zonamizirana ufiti si zachilendo ku zigwa za fodya za Kasungu, kwa Kapelula ndi madera oyandikana nawo. Kumeneko chaka chonse chimadalira mvula ndi mtengo wa fodya ku okushoni ya Chinkhoma. Mlimi amene zigafa zake zadzaza pamene anzake alephera amanenedwa kuti ndi wokhwima, kapena kuti amakawa m'minda ya ena. William Kamkwamba wa kwa Wimbe, amene adapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, adakumana nazo. M'buku lake la 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, akufotokoza kuti mvula itavuta, ena ankati makinawo ndi aufiti ndipo akuthamangitsa mitambo. Bukuli lidatulukanso mu 2015 molembera ana, ndipo likusonyeza kuti nkhani za ku Kasungu zingathe kuwerengedwa padziko lonse.

Vutoli likadalipo. Mu Januwale 2016 anthu okalamba anayi adaphedwa ku Neno, mphenzi itapha msungwana wa zaka 17. M'madera ambiri ana amafunsidwa mowaopseza mpaka kuvomera kuti agogo awo amawaphunzitsa kutamba usiku, monga momwe zidayambira ku Salem. Bungwe la Association for Secular Humanism, motsogozedwa ndi George Thindwa, lidalimbikira kutulutsa m'ndende okalamba omangidwa pa milandu yotere. Bungwe lounika malamulo la Law Commission lidayamba kuunikanso lamulo la 1911 mu 2009, ndipo mtsutso wake ndi waukulu, chifukwa Amalawi ambiri amakhulupirira kuti ufiti ulipo.

Kukhulupirira ndi nkhani ya mtima wa munthu aliyense, koma kumenya, kutenthera nyumba ndi kupha ndi milandu. Popeza achinyamata ndiwo amatumidwa kutola miyala, ndiwonso ayenera kumva mbiriyi msanga. Samuel Josia Nthara, wolemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, adaonetsa kalekale kuti Chichewa chimatha kusenza mbiri ndi nkhani zopeka zomwe. Zipangizo zilipo: mwabvi, kalilole wa mchape, ndi zokumbukira za agogo amene akali moyo. Alembi, aphunzitsi ndi osindikiza mabuku azitole, kuti mwana wa kwa Kapelula awerenge m'chinenero chake ndi kudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.