Cifukwa Cake Mafunde a Wailesi Ali ndi Malamulo

Anthu ambiri akatsegula wailesi madzulo namva mau ocokera kutali, sadziwa kuti mauwo ayenda m'njira yopatulidwa ndi lamulo. Mau a wailesi amayenda pa mafunde osaoneka ndi maso, ndipo mafundewo ali ngati dimba la kudambo: malo ndi ocepa, koma ofuna kulimapo ndi ambiri. Nyumba ziwiri zoyandikana zikaulutsa mau pa funde limodzi, womvera samva kanthu koma phokoso lokhalokha.

Poyamba wailesi inagwira nchito makamaka pa sitima za pamadzi, ndipo panalibe woweruza. Kampani ya Marconi inali kukana mauthenga a sitima zokhala ndi makina a makampani ena. Motero m'caka ca 1906 maiko anakomana ku Berlin, napangana kuti nyumba za wailesi za m'mbali mwa nyanja zizilandira uthenga wa sitima iri yonse. Komweko anasankha cizindikiro ca SOS kuti cikhale mfuu ya anthu ali pa tsoka.

Koma cimene cinatsegula maso a maboma ndi maliro. Mu April 1912 sitima ya Titanic inagunda cimwala ca madzi oundana nimira m'nyanja ya Atlantic, ndipo anthu oposa 1,500 anafa. Sitima ina, Californian, inali pafupi, koma munthu wake wa wailesi anali mmodzi yekha, ndipo anali atagona. Carpathia, imene inamva mfuuyo, inali kutali. Inafika Titanic itamira kale, nipulumutsa anthu ngati 700. Caka comweco Boma la America linalamula kuti sitima zazikulu zikhale ndi anthu awiri a wailesi olandizana usana ndi usiku, ndiponso kuti munthu asaulutse mau wopanda cilolezo ca Boma.

Popeza mafunde sadziwa malire a dziko, Boma limodzi silingathe kuweruza lokha. Nchito imeneyi iri m'manja mwa bungwe la International Telecommunication Union, limene linayamba ku Paris mu 1865 kuyang'anira matelegalamu, nililowa m'gulu la United Nations mu 1947. Likulu lake liri ku Geneva. Pa zaka zitatu kapena zinai ziri zonse nthumwi za maiko zimakomana kugawa mafunde: awa a nyumba zoulutsa mau, awa a ndege, awa a sitima, awa a mafoni a m'manja. Pambuyo pake dziko liri lonse limagawira anthu ake. Ku Malawi kuli bungwe la MACRA, ku Zambia ZICTA, ku Zimbabwe POTRAZ.

Ena amadandaula kuti zilolezo ndi zodula, ndiponso kuti Boma lingathe kumana cilolezo munthu amene silifuna kumva mau ake. Dandaulo limeneli ndi loyenera kulimvera, pakuti wogawa munda ayenera kugawa mosakondera. Komabe malire sangacotsedwe. Funde la 121.5 megahertz linapatulidwa pa dziko lonse lapansi kuti likhale la ndege zimene ziri pa tsoka. Munthu wosewera pa funde limenelo angatseke mfuu ya anthu ofuna cipulumutso.