Kodi Makina Angatisankhire Nyimbo Yatsopano?

Nkhani yathu ya lero ikukhudza nyimbo, makamaka njira imene nyimbo yatsopano imadzera kuti ifike m'makutu mwathu masiku ano.

Kale amene anali kutidziŵitsa nyimbo yatsopano anali munthu: muulutsi wa pa wailesi, wogulitsa mbale za galamafoni kapena makaseti, mbale wathu wobwera kuchokera ku ulendo, kapenanso woimba mwini wake pa dansi. Lero anthu mamiliyoni ambiri amamvera nyimbo pa lamya za m'manja kudzera m'makampani a pa intaneti monga Spotify, Apple Music, YouTube Music ndi Boomplay, ndipo kaŵirikaŵiri imene imawasankhira nyimbo yotsatira ndi kompyuta. Tsono funso lathu ndi ili: kodi kompyutayo imaigwira bwino ntchito imeneyi? Kuti tiyankhe mosaphonya, tiyeni tione kampani imodzi, ya Spotify.

Kampani imeneyi inakhazikitsidwa mu mzinda wa Stockholm, ku Sweden, m'chaka cha 2006 ndi Daniel Ek pamodzi ndi Martin Lorentzon, ndipo inayamba kutumikira anthu mu 2008. Ku Malaŵi ndi ku Zambia inafika mu 2021. M'nkhokwe yake muli nyimbo zoposa 100 miliyoni. Nyimbo iliyonse itakhala ya mphindi zitatu, munthu womvetsera usana ndi usiku osagona angafunike zaka zoposa 500 kuti azimve zonse. N'zoonekeratu kuti womvera afunika wina womulozera njira.

Mu Julaye 2015 kampaniyi inayambitsa mndandanda wotchedwa Discover Weekly. Lolemba lililonse womvera aliyense amalandira nyimbo 30 zosankhidwira iye yekha, zambiri mwa izo zimene sanazimvepo. Palibe munthu amene amakhala pansi n'kuzisankha. Makina ndiwo amasankha, ndipo amatsamira njira zitatu.

Njira yoyamba, imene ndiyo yaikulu, ndi kufananiza omvera. Tiyerekeze kuti inu mumakonda nyimbo khumi. Kwina kutali kuli munthu amene simudzakumana naye, amene amakonda zisanu ndi zinayi mwa nyimbo zanuzo, kuwonjezapo ina imene inu simunaimvepo. Kompyuta imaganiza kuti popeza makutu anu akugwirizana chotere, nyimbo inayo nanunso idzakukomerani. Imachita masamu ameneŵa poyang'ana mabiliyoni a mindandanda imene omvera anadzikonzera okha, ndipo nyimbo zimene anthu amaziika moyandikana imazitenga ngati zapachibale.

Njira yachiŵiri ndi kuŵerenga zimene anthu amalemba. Mu 2014 Spotify inagula kampani ya ku Amereka yotchedwa The Echo Nest, imene makina ake anali kufufuza pa intaneti kuti aone mau amene anthu amafotokozera woimba aliyense, ndiponso oimba amene amatchulidwa pamodzi.

Njira yachitatu ndi kupima nyimbo yeniyeniyo: liŵiro lake, kugunda kwa ng'oma, kukwera ndi kutsika kwa mau, ndiponso ngati ili yovinika kapena yodekha. Kampani ina ya ku Amereka, ya Pandora, inapereka ntchito yotereyi kwa anthu. Kuyambira m'chaka cha 2000, akatswiri ophunzira zoimba anali kumvetsera nyimbo imodziimodzi ndi kuilemba mbali zake zofika pafupifupi 450. Ku Spotify ntchito imeneyi imagwiridwa ndi makina.

Pamwamba pa zonsezi, makina amakuyang'anirani inuyo. Mukadumpha nyimbo isanapite patali, amalemba. Mukaibwereza kapena kuisunga, amalembanso. Ikangodutsa masekondi 30, imaŵerengedwa kuti yamvedwa.

Tisabise, pa mbali ina makinaŵa amachita bwino kwambiri. Munthu wokonda reggae kapena rumba angathe kupeza oimba makumimakumi a mtundu womwewo amene wailesi ya kwao sikanamuimbira. Nyimbo za zaka makumi anayi zapitazo, zimene mbale zake zinasoŵa kalekale m'masitolo, zimatulukiranso. Pa ntchito yopeza nyimbo yofanana ndi imene mumaikonda kale, palibe muulutsi amene angapikisane ndi makina pa changu kapena pa kukumbukira.

Komabe pali mavuto anayi amene womvera aliyense ayenera kuwadziŵa.

Loyamba n'lakuti makina amaona chimene mwachita, koma chifukwa chake sachidziŵa. Mukaika nyimbo zachisoni sabata lonse chifukwa cha maliro, kapena mwana akabwereka lamya yanu n'kumamvera nyimbo za ana, kompyuta imatenga kuti zimenezo ndizo zokonda zanu. Ndiponso nyimbo imene mwangoilekerera kuti ilire pamene mukuchapa imaŵerengedwa chimodzimodzi ndi imene yakufikani pa mtima.

Vuto lachiŵiri likuchokera pa loyambalo. Popeza makina amaopa kuti mungadumphe nyimbo, amakonda kukupatsani zofanana ndi zimene munazoloŵera. Paja akuluakulu amati madzi saiŵala khwaŵa. Mu 2020 ofufuza ena, mwa iwo a ku Spotify komweko, anasindikiza zimene anapeza: kumvera kotsogozedwa ndi makina kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa mitundu ya nyimbo imene munthu amamva, ndipo omvera amene amafutukula zokonda zao amatero makamaka pamene akudzisankhira okha. Nyimbo zina zabwino sizikoma pa ulendo woyamba. Zimafuna kuzimva katatu kapena kanayi khutu lisanazilandire, koma makina amene amaweruza pa masekondi 30 alibe kudekha kumeneko.

Vuto lachitatu ndilo lalikulu, ndipo likugwera oimba. Njira yofananiza omvera imafuna kuti nyimbo ikhale itamvedwa kale ndi anthu ambiri. Nyimbo imene ilibe omvera ilibenso mapazi oti makina awalondole, motero yotchuka imanka nitchukirabe pamene yosadziŵika imakhala phee m'nkhokwe. Bungwe la Luminate, limene limaŵerenga za malonda a nyimbo, linanena kuti mu 2023 nyimbo zatsopano zoposa 100,000 zinali kuikidwa m'makampani ameneŵa tsiku lililonse, ndiponso kuti zoposa 45 miliyoni sizinamvedwe ngakhale kamodzi m'chaka chonsecho. Kuyambira mu 2024, nyimbo imene sinamvedwe nthaŵi 1,000 m'miyezi 12 silandira malipiro ku Spotify.

Woimba wa m'Chicheŵa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao vuto limeneli limamugwera koposa. Angakhale wokondedwa m'boma lonse, nyimbo yake n'kumalira m'minibasi ndi pa maukwati, koma ngati omvera ake amagaŵana nyimboyo pa WhatsApp chifukwa intaneti ndi yodula, makina a kampani saona kanthu. Zolembedwa za iye pa intaneti nazonso ndi zochepa, choncho njira yachiŵiri ija simuthandiza kwenikweni. Taganizirani za a Giddes Chalamanda, amene anabadwa mu 1930. Nyimbo yao ya Linny Hoo Amalaŵi anali kuidziŵa kale, koma inamveka m'maiko akutali pambuyo poti Patience Namadingo waijambula nao pamodzi mu 2020, kenaka anthu n'kuyamba kuifalitsa pa TikTok. Anayamba ndi anthu, makina n'kutsatira m'mbuyo.

Vuto lachinayi ndi la ndalama. Mu 2020 Spotify inalengeza dongosolo lotchedwa Discovery Mode. Woimba kapena kampani yake akavomera kudulidwa 30 pa 100 alionse a malipiro ochokera m'malo ena, monga pamene nyimbo zikupitirira zokha mndandanda wanu utatha, makina amaika nyimbo yakeyo patsogolo m'malo amenewo. Kampani imati nyimboyo siipitiriza kuperekedwa ngati omvera sakuikonda. Otsutsa amati zimenezi zikufanana ndi mchitidwe wakale wa ku Amereka wolipira aulutsi mobisa kuti aimbe mbale yako, umene unadzetsa kufufuza kwa aphungu a dzikolo mu 1959 ndi 1960. Chimene tiyenera kukumbukira n'chakuti womvera sauzidwa pa nyimbo iliyonse ngati yabwera chifukwa cha makutu ake okha kapena chifukwa cha pangano la malonda.

Tsono yankho la funso lathu lija lili paŵiri. Ngati mukufuna nyimbo yapachibale ndi imene mumaikonda kale, makina adzakutumikirani bwino ndithu. Koma ngati mukufuna nyimbo yochokera kumene khutu lanu silinapondeko, kapena woimba amene dziko silinamuzindikire, thandizo lao ndi lochepa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma makina ameneŵa sathamangira kutsegulira alendo chitseko.

Nanga womvera achite chiyani? Poyamba, aphunzitseni makinawo: sungani nyimbo imene yakukomerani, dumphani imene simukuifuna, ndipo konzani mindandanda yanuyanu. Dziŵani kuti mukaika woimba wa kwanu pambali pa woimba wotchuka mu mndandanda wanu, mwamuthandiza kuti makina amuone ndi kumupereka kwa ena. Chachiŵiri, nthaŵi zina lembani nokha dzina la woimba kapena la dziko limene simunamvepo nyimbo zake, ndipo nyimbo yachilendo muipatse mpata woposa masekondi 30 aja. Chachitatu, musataye makutu a anthu. Funsani agogo za nyimbo zimene anali kuvina, funsani mwana wanu zimene akumvera, ndipo pitani kumene oimba akuimba pamaso pa anthu. Munthu akamakuuzani za nyimbo amatha kunena chifukwa chake, ndipo chifukwa chimenecho kaŵirikaŵiri ndicho chimatsegula khutu.

Pamenepa ndi pamene pathera nkhani yathu ya lero.