Nambala ya cinsinsi ndi yanu nokha

Mwalima fodya kapena nyemba caka conse. Mwagulitsa, ndipo ndalama zalowa ku banki kapena mu foni. Kenako foni ikulira. Munthu wolankhula mwaulemu akuti: "Bambo, ndikuimba kucokera ku banki. Akaunti yanu itsekedwa lero. Ndiuzeni nambala ya khadi lanu ndi PIN kuti tikonze."

Musamuuze. Ameneyo ndi wakuba.

PIN ndi nambala ya cinsinsi imene mumalemba potapa kapena potumiza ndalama. Ili ngati kiyi wa nyumba. Amene ali ndi kiyi sathyola citseko, amangolowa. Banki siifunsa PIN pa foni. M-Pesa ya Vodacom, e-Mola ya Movitel ndi mKesh ya Tmcel nazonso sizifunsa. Aliyense wofunsa PIN yanu akufuna ndalama zanu, basi.

M-Pesa inayamba kuno ku Mozambique mu 2013. Lero anthu ambiri ku Ngauma amalandira ndalama pa foni, cifukwa kupita ku banki ku Mandimba, ku Cuamba kapena ku Lichinga kumafuna ndalama ya ulendo. Akuba akudziwa zimenezi. Akudziwa kuti mukamva zoti akaunti itsekedwa, mucita mantha ndi kuyankha msanga.

Njira zawo ndi zingapo. Yoyamba, amakutumizirani uthenga wokhala ndi manambala, kenako amaimba kuti muwawerengere. Manambala amenewo ndi amene amatsegula akaunti yanu. Musawerengere munthu.

Yaciwiri, uthenga umabwera wonena kuti mwalandira ndalama. Posakhalitsa wina amaimba modandaula kuti: "Pepani mayi, ndatumiza molakwika, ndibwezereni." Nthawi zambiri palibe cimene calowa. Uthengawo walembedwa ndi iye mwini. Yambani mwaona ndalama zimene zili mu akaunti. Pa M-Pesa lembani *150#, pa e-Mola lembani *898#.

Yacitatu, pa WhatsApp kapena pa Facebook amalemba kuti mwapambana njinga yamoto, kapena kuti pali nchito kapena ngongole. Amati mudine pa mawu abuluu ndi kulemba nambala ya khadi. Dzifunseni: kodi ine ndinalowa mpikisano liti? Mphatso yoti muyambe mwalipira si mphatso ayi.

Yacinayi, uthenga umabwera ngati wa m'bale wanu, wakuti mutumize ndalama pa nambala yacilendo. Muimbireni m'baleyo pa nambala imene mumaidziwa, mumve mawu ake.

Njira zonsezi zili ndi cizindikiro cimodzi: amakufulumizitsani. Inu musafulumire. Dulani foni. Funsani munthu amene mumamukhulupirira, kapena pitani nokha ku banki.

Ngati mukuphunzira kumene kuwerenga, wina angakuwerengereni uthenga, koma PIN lembani nokha, mutaphimba ndi dzanja. Citani zomwezo kwa ajenti pamsika. Musalembe PIN pa khadi, ndipo musasankhe caka cimene munabadwa.

Nanga ngati mwaulula kale? Musacite manyazi, ngakhale aphunzitsi amaberedwa. Sinthani PIN nthawi yomweyo. Imbani ku banki pa nambala yolembedwa kuseri kwa khadi kuti alitseke. Musafufute uthenga wa wakubayo. Pitani nawo ku polisi, ndipo cenjezani anzanu kumudzi kuti iwonso asagwe m'mbuna yomweyo.