Galimoto ya waya nayo ili ndi masamu ake

Anzanga, ambiri a ife anyamata tinakula tikupinda waya, ndipo atsikana ena pano ankatiposa, tisanamizane. Koma ndikafunsa kuti galimoto imene unkapanga inali ya mtundu wanji, yankho limangokhala lakuti "galimoto basi". Ine ndikufuna tikambe za kupanga yofanana ndi galimoto yeniyeni, yoti agogo akaiona anene okha kuti iyi ndi Bedford, iyi ndi Peugeot ija inkachita matola.

Kunja kuli anthu, ena a imvi zawo, amene ntchito imeneyi ndi chizolowezi chawo. Iwo amagula bokosi lotchedwa kit. M'katimo mumakhala tizidutswa ta pulasitiki, wina chitseko, wina tayala, wina injini, ndi pepala lolongosola kamatidwe kake. Kampani ya Airfix ya ku Britain inayamba ntchito imeneyi ndi thirakitala ya Ferguson mu 1949, ndipo ku Japan kuli ina yotchedwa Tamiya. Chodabwitsa n'chakuti nawonso amadandaula. M'masitolo mwawo mwadzaza ndege zankhondo, akasinja ndi magalimoto ampikisano, koma malole ndi mavani akale amene ankanyamula buledi, makalata ndi matumba a chimanga ndi osowa. Chifukwa chake ndi ndalama. Tizidutswa tija amatiumba pothira pulasitiki wosungunuka mu chikombole chachitsulo, ndipo kusema chikombole chimodzi n'kodula kwambiri. Kampani imasankha galimoto imene ikudziwa kuti igulitsa mabokosi ambirimbiri. Ndege ya Spitfire ili ndi ogula, lole ya fodya ilibe.

Ndiye ngati a ku London akudikira, ife a kwa Malemia tidikira mpaka liti? Kit yathu ndi waya, mphira ya chubu cha njinga, pulayazi ndi rula. Chimene chimatisowa ndi chimodzi, sikelo.

Sikelo ndi ija timaiona pa mapu mu Geography, 1:50,000, ndi ija ya ratio mu masamu. Pa bokosi akalemba 1:24 akutanthauza kuti sentimita imodzi pa kagalimoto ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni. Lamulo ndi lakuti chilichonse, kutalika, mulifupi, tayala, zenera, uchigawe ndi nambala imodzimodziyo. Ukagawa bodi ndi 24 koma matayala ndi 10, imatuluka lole yooneka ngati thirakitala.

Tiyeni titenge Land Rover yakale. Yoyamba inatuluka mu 1948, ndipo ija yaitali imatchedwa 109 chifukwa kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo pali mainchesi 109, amene ndi masentimita pafupifupi 277. Gawa ndi 24, upeza 11.5. Kutalika kwa galimoto yonse ndi masentimita pafupifupi 445, kutanthauza 18.5 pa waya. Mulifupi ndi 168, ndiye 7. Tayala lake ndi pafupifupi masentimita 80 kudutsa pakati, ndipo ukagawa ndi 24 limabwera pa 3.3. Tsopano yeza chotsekera botolo la Fanta. Chimapitirira pang'ono masentimita 3. Eya, zotsekera zimene timaponda pa Songani ndi matayala a Land Rover a 1:24.

Apa ndi pamene pali nzeru yonse. Waya ungathe kuudula paliponse, koma tayala umachita kutola, sungalichepetse. Choncho yamba ndi tayala, sikelo ibwere pambuyo. Ukapeza tizitini ta polishi ta masentimita pafupifupi 7, gawa 80 ndi 7, uyandikira 11. Basi sikelo yako ndi 1:11, ndipo Land Rover yomweyo ikhala masentimita 40 kutalika, matayala atalikirane 25. Jambula kaye pa pepala la katoni, mbali ndi kutsogolo, kenaka uzipinda waya pamwamba pa mizereyo. Ndodo yaitali yowongolera ija siwerengedwa, imeneyo ndi ya sikelo ya mwini wake.

Masamu akakhala bwino, chotsala ndi nkhope. Galimoto iliyonse ili ndi chinthu chimene anthu amaizindikirira. Malole a Bedford ankapangidwa ku England. Ya mtundu wa J ili ndi mphuno yaitali ndi madigadi ozungulira, pamene TK ndi yaphwatalala kutsogolo, dalaivala amakhala kutsogolo kwenikweni. Peugeot 404 inayamba mu 1960, ndipo pikiapu yake inapitiriza kupangidwa ku Kenya mpaka 1991. Iyoyo imadziwika ndi nyale ziwiri zozungulira kumapeto kwa madigadi owongoka. Volkswagen Kombi, imene inayamba mu 1950 n'kudzathera ku Brazil mu 2013, yoyambirira inali ndi galasi lakutsogolo logawika pawiri. Kwa ine Bedford J ndiyo yovuta, chifukwa waya safuna kupindika mofanana mbali zonse ziwiri. Ndimapindira pa botolo limodzi madigadi onse awiri.

Musaganize kuti ntchitoyi ndi yonyozeka. Mu 1990 mayi wina wa ku America amene anakhalako kuno ku Malawi, Karen Lynn Williams, analemba buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna waya. Ana a kumeneko amalidziwa liwu lathuli kudzera mu bukulo.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti magalimoto enieniwo akutha. Ogula zitsulo zakutha akuyenda m'midzi ndi sikelo yawo ya makilogalamu, ndipo lole imene inagona zaka zambiri kuseri kwa galaja imadulidwa tsiku limodzi. Ikapita, muyezo wapita nawo, chifukwa chithunzi sichikuuza kuti chitseko chinali masentimita angati. Ndayamba kabuku kolembamo miyezo, koma pakadali pano muli Land Rover yokha. Amene mukudziwa kumene kwagona Bedford kapena 404, kaya ku Malosa, kaya njira ya ku Zomba, mundipeze mu Fomu 3 pa buleki. Tikapempha kaye kwa eni ake, ndipo pakufunika anthu awiri, wina wogwira tepi, wina wolemba. Waya aliyense abwere ndi wake wotola, wa mpanda wa eni ayi.